Khansa ndi shuga: tafika pati ndi funso la Warburg?

Zaka 100 zadutsa kuchokera pamene Otto Warburg, wasayansi wa ku Berlin, ankasenga tizidutswa topyapyala ta chotupa n'kumayeza mpweya ndi shuga zimene tinkadya. Zimene anaona cha mu 1924 zidakali zoona. Maselo ambiri a khansa amameza shuga mwadyera, ndipo m'malo momupsereza yense ndi okosijeni, amangomusasitsa monga limasasira thobwa, n'kutaya asidi wotchedwa lactate. Warburg anaganiza kuti ng'anjo za m'maselo, zotchedwa mitochondria, zawonongeka, ndipo mu 1956 analemba motsimikiza kuti gwero la khansa ndi limenelo. Chiyembekezo chinamera pamenepo: chotupa tikachimana chakudya, chifa ndi njala.

Pa nkhani ya gwero, Warburg anaphonya. M'zotupa zambiri ng'anjozo zimagwirabe ntchito. Chimene chasokonekera ndi uthenga. Selo labwino silidya shuga chifukwa chongoti alipo, limadikira kuuzidwa. Insulini ikagogoda pakhomo, puloteni ya PI3K, imene Lewis Cantley ndi anzake anatulukira m'zaka za m'ma 1980, imapereka uthengawo kwa puloteni ina, AKT. Iyi imachulukitsa zipata zolowera shuga, n'kudzutsa puloteni ya mTOR kuti ntchito yomanga iyambe. M'maselo a khansa amithengawa amafuula popanda wowatuma. Puloteni ya MYC nayo imachita chimodzimodzi, pamodzi ndi HIF-1, puloteni imene inam'pezetsa Gregg Semenza gawo la mphoto ya Nobel mu 2019. Taphunziranso kuti dyerali lili ndi cholinga: selo logawikana limafuna njerwa zomangira selo lina, osati nkhuni zokha, ndipo shuga amapereka zonse ziwiri.

Nanga wodwala wapindulapo chiyani? Phindu losakayikitsa ndi makina ojambula a PET. Munthu amabayidwa shuga wokhala ndi chizindikiro, ndipo pomwe pali chotupa pamaonekera pa chithunzi chifukwa cha dyera lomwelo. Ku mbali ya mankhwala zokolola n'zochepa. Alpelisib, wotseka PI3K, analoledwa ku United States mu 2019 pa mtundu wina wa khansa ya m'mawere. Amathandiza, koma amakweza shuga m'magazi, pakuti chiwindi ndi minofu zimamvera insulini kudzera mwa mthenga yemweyo. Shuga akakwera, kapamba amatulutsa insulini yochuluka, ndipo kafukufuku wa pa mbewa wa gulu la Cantley mu 2018 anasonyeza kuti insuliniyo imakadzutsanso njira imene mankhwala anatseka. Metformin, amene odwala shuga kuno amamudziwa bwino, anayesedwa pa odwala khansa ya m'mawere oposa 3,600, ndipo zotsatira za mu 2022 zinasonyeza kuti sanaletse nthendayo kubwerera. Ambiri tinali ndi chiyembekezo pa iye, chifukwa ndi wotsika mtengo.

Pamene zayenda bwino m'pamene anapeza chilema chimene chotupa chili nacho chokha. Puloteni ya IDH ikasinthika imapanga chinthu chimene maselo abwino sapanga chochuluka. Mankhwala oitseka analoledwa mu 2017 ndi 2018 pa khansa ina ya m'magazi, ndipo vorasidenib mu 2024 pa zotupa zina za muubongo. Othandizidwa ndi ochepa, koma thandizolo ndi lenileni.

Nkhaniyi ikutikhudza mwa njira ina. Theka la choonadi cha Warburg limayenda pa WhatsApp, lakuti wodwala khansa asiye shuga ndi nsima, achira. Izi zimatiwawa. Munthu akaleka kudya, chiwindi chimadzipangira shuga kuchokera ku minofu ya munthuyo, moti wodwala ndiye amaonda pamene chotupa chikudyabe. Mayi wofooka amene achibale amulanda phala chifukwa cha chikondi amavutika kupirira mankhwala a kuchipatala.

Pakadali pano ofufuza akuyesa kuphatikiza mankhwala otseka PI3K ndi kadyedwe kapena mankhwala otsitsa insulini, moyang'aniridwa ndi madokotala. Tidikire zotsatira za pa anthu, osati za pa mbewa zokha. Zikadzatsimikizika, funso lathu lidzakhala la mtengo, ndi lakuti kodi zipatala zathu zidzatha kuyeza chotupa cha munthu n'kudziwa mthenga amene wasokonekera mwa iye, popeza popanda kuyezako mankhwalawa sadziwika woyenera kupatsidwa.