Wansembe wofufuza milandu angakhale wa kwathu kuno

M'chaka cha 1911 ku London kunatuluka buku la G. K. Chesterton lotchedwa The Innocence of Father Brown. Chaka chomwecho boma la Nyasaland linakhazikitsa lamulo loletsa mwavi ndi kutchulana ufiti. Kuchokera nthawi imeneyo Angerezi akhala akuwerenga za wansembe wamfupi, wooneka ngati wopepera, amene amatulukira wolakwa pomvetsera bwino. Kwathu mwavi unatha, koma chala cholozera nkhalamba chilipobe. N'chifukwa chake ndikunena kuti Chichewa chikusowa nkhani zotere, ndipo Eiffel Flats ndi malo oyenera kuziyambira.

Bambo Brown anajambulidwa kuchokera kwa munthu weniweni, Bambo John O'Connor, amene anadzalandira Chesterton mu mpingo wa Katolika mu 1922. Wansembeyu sayeza mapazi kapena phulusa la fodya ngati Sherlock Holmes. Zaka zambiri zomvera anthu akulapa zinamuphunzitsa njira zimene mtima umapotokera. M'nkhani yoyamba, mbala yotchedwa Flambeau inavala mkanjo wa unsembe, koma inagwidwa ndi pakamwa pake: inanyoza nzeru za kulingalira, zimene wansembe wophunzira sangachite.

Apa ndi pamene chinenero chathu chili ndi chuma. Munthu akati "mlendo wabwera", ndiye kuti mlendoyo alipo. Akati "anabwera", khutu la Mchewa limamva kuti mwina wapita kale. Wina akakana kuti sadziwa kanthu, kenako n'kunena kuti "mpeni uja", wadziulula yekha, pakuti "uja" timanenera chinthu chimene tonse awiri tikuchidziwa. Nanga "akuti"? Kamawu kameneka kasamutsa mabanja ambiri m'midzi, chifukwa kamanyamula mlandu popanda mboni. Wofufuza wathu ntchito yake ingakhale kufunsa mwaulemu kuti, "Akuti ndani, mayi?" mpaka mphekesera itasowa mwini.

Tsono taganizirani komboni ya mgodi wa Cam and Motor, kumene agogo athu ochokera ku Nyasaland ndi ku Tete anadzakumba golide. Pano munthu mmodzi amalankhula Chichewa kunyumba, Chishona ku Kadoma, Chingerezi kuofesi, ndipo bodza lake limasintha maonekedwe m'chinenero chilichonse. Kanthu kakasowa, maso a ena amathamangira kwa ife otchedwa mabhurandaya, kapena kwa a Gule Wamkulu. Nkhani imene wokayikiridwa woyamba amapezeka wosalakwa ingatichitire zambiri kuposa ulaliki.

Ena adzati wansembe alibe mbali pa ntchito ya apolisi, ndiponso chinsinsi cha kulapa chimamumanga pakamwa. N'zoona, ndipo m'menemo ndi mmene muli kukoma kwa nkhani: munthu wodziwa zoona amene saloledwa kuzinena. Chimene ine ndingakane ndi kutengera Chesterton m'zonse, chifukwa alendo ndi a zipembedzo zina sankawalemba mwachilungamo nthawi zonse. Wathu asakhale mdani wa kudambwe kapena wa kumzikiti. Akhoza kukhala katekisiti, kapena mkulu wa mpingo wa CCAP wopuma pa ntchito ya mumgodi, amene amadziwa maliro onse a m'komboni ndi amene anasonkha.

Malamulo a Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka. Ana a ku Eiffel Flats ndi ku Chegutu akafuna kuchiwerenga, chimene amapeza msanga ndi Baibulo ndi buku la nyimbo.