London Sinasamuke, Njila Ndiye Inatalika

Tikatsegula mapu pa foni n'kupima kuchoka ku Lusaka kufika ku London, timapeza makilomita pafupifupi 7,900. Ndeke yoyenda kosaima imatsiliza mtunda umenewu m'maola monga 10 chabe. Munthu anali kukwela kuno n'kukatsikila ku Heathrow osasintha mpando. Zinali telo mpaka mu 2013, pamene British Airways inaleka kubwela ku Lusaka. Makolo athu akumbukilanso Nkwazi, DC-10 ya Zambia Airways yakale, kampani imene inatsekedwa mu 1994.

Manje ife tiyenda bwanji? Tizungulila. Ena apitila ku Addis Ababa kapena Nairobi, ena ku Doha kapena Dubai. Tiyeni tiwelenge ya Dubai: kuchoka kuno kufika kumeneko ni makilomita pafupifupi 5,400, ndipo kuchoka ku Dubai kufika ku London ni ena 5,500. Pamodzi ni 10,900. Taonjeza makilomita 3,000, osawelengela maola amene tikhala pa benchi kuyembekeza ndeke yachiwili.

Wina anganene kuti ni nkhani ya anthu a ndalama. Koma ambili a ife tili na mlongo amene asewenza unesi ku UK, kapena mnzathu amene anapita kukaphunzila. Foni ikalila usiku kuti amai adwala kwambili, iye sawelenga makilomita. Awelenga maola. Ulendo umene ukanatha usiku umodzi umudyela pafupifupi tsiku lonse, ndipo nthawi zina tsiku limenelo ndiye lisiyanitsa kupeza munthu akali kulankhula na kufikila pa malilo.

Mu 2021 tinatsegula nyumba yatsopano pa bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda. Ni yabwino, ndipo tinajambulitsapo zithunzi zambili. Koma nyumba siifupikitsa ulendo. Kampani ya ndeke imabwela kumene ikudziwa kuti mipando idzadzala popita na pobwela, komanso kuti pansi padzakhala katundu wolipila.

Ndiye chifukwa chake ise sitigwilizana na amene afuna kuti boma lingogula chindeke chachikulu kuti tinyadile. Zambia Airways yakale inali nacho, koma nkhongole zinaimiza. Chimene tifunika kufunsa atsogoleli athu ni ichi: muchitapo chiyani kuti mlendo wofuna kuona Mosi-oa-Tunya na nyama za ku South Luangwa atsikile kuno kwathu? Nanga maluwa na ndiwo zamasamba zimene alimi athu agulitsa ku Ulaya, zingachuluke bwanji mpaka kudzaza ndeke?

Mipando na katundu zikapezeka, njila ya maola 10 idzabwela yokha. Zikapanda kupezeka, alongo athu adzapitiliza kugona pa benchi ku Dubai, foni ili m'manja, kuyembekeza uthenga wochokela kuchipatala.