Mfuti ya pa YouTube singathetse njala ya ku Uraha

Amene mumathera bandulo pa YouTube ndi TikTok mwawaonapo mavidiyo awa. Mzungu wandevu ali m'nkhalango ya kwawo ku America, chikwama kumsana, akufotokoza mfuti yomwe munthu ayenera kukhala nayo zinthu zikadzavuta, kuti azipha akalulu, agologolo ndi mbalame n'kumadya. Ambiri mwa iwo amaloza mfuti imodzi, yaing'ono ija amaitcha .22. Ndamva anyamata kuno ku Uraha ndi pa Chilumba akutsutsana za nkhaniyi ngati ya mpira: wina akuti .22, wina akuti yampweya, wina n'kumati bola gogodela wa agogo. Ine maganizo anga ndi akuti tikulimbana ndi funso la eni ake. Mutandifunsa mfuti yoti mugule kuti idzakudyetseni pa nthawi ya njala kwathu kuno, yankho langa ndi lakuti musagule iliyonse.

Ndiyambe ndi kuvomereza kuti azungu aja sanama. Chipolopolo cha .22 LR chinayamba kupangidwa mu 1887, ndipo mpaka lero alenje amachikonda pa zifukwa zomveka. M'mimba mwake ndi mamilimita 5.6, kamtovu kake kamalemera magalamu osakwana atatu. Mfuti yake ndi yopepuka, simenya phewa, siphokosera kwambiri, ndipo ikalasa kalulu siiwononga nyama. Mfuti yaikulu imanyenya kanyamako, mlenje n'kutola ubweya wokhawokha. Nawo asilikali a ndege a ku America, m'zaka za m'ma 1950, ankanyamula kamfuti kopinda kotchedwa M6, ka mipope iwiri, wina wa .22 Hornet wina wa .410. Cholinga chinali choti ndege ikagwa kutchire kopanda anthu, woyendetsa azipeza kanyama kodya podikira omupulumutsa.

Mwaona pomwe pagona nkhani? Mfuti imeneyi anaikonzera munthu mmodzi, wosochera kwa masiku ochepa, m'nkhalango yodzaza nyama, komwe mudzi uli kutali. Nanga njala yathu imabwera choncho? Yathu imatipeza tili pakhomo, banja lonse, ndi agogo omwe. Imayamba mvula ikadula chimanga chisanakhwime, kapena madzi akasefukira n'kukokolola mpunga. Imakhala miyezi, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi. Mu Malichi 2024, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Chomwe mabanja ankasowa chinali ufa. Pa njala mphika womwe umazizira ndi wa nsima, ndipo mfuti siwombera ufa.

Tiwerengere limodzi. Njiwa imodzi ndi nthongo ziwiri kapena zitatu, yatha. Kalulu wakutchire akhoza kukwanira ndiwo za tsiku limodzi, koma nyama yake ilibe mafuta, moti munthu wodya yokhayo popanda nsima amapitirira kuwonda. Ndiye onjezanipo tsiku lonse lomwe mwayenda m'mapiri ndi m'mimba mopanda kanthu. Mnzanu amene anapita kukagwira ganyu kapena kukakoka nawo chilimira kunyanja wabwera ndi kaufa ndi usipa, inu mwabwera ndi nkhani ya nkhwali yomwe inauluka.

Komanso tisanamizane, tchire lathu latha. Mitengo yapita ku makala ndi nkhuni, ndipo chaka chilichonse timayatsa moto posaka mbewa, n'kuotcha mazira a nkhanga ndi ana a akalulu omwe. Tsopano taganizani mnyamata aliyense kuchokera pa Uliwa mpaka pa Nyungwe atapeza mfuti. Nyama zotsalazo zingathe nyengo imodzi. Zikatha, maso amaloza kumtunda ku Nyika, ndipo m'pamene kusaka ndiwo kumasanduka mlandu.

Pa malamulo palibe zokambirana. Kuno si ku America komwe malamulo awo aakulu amapereka ufulu wosunga mfuti. Ku Malawi mfuti ndi zipolopolo zimafuna chilolezo cha apolisi, ndipo wopezeka nazo popanda chilolezo amanjatidwa. Kusaka nako kuli ndi chiphaso chakechake cha ku nthambi yoona za nyama zakutchire ndi malo otetezedwa. Lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, moti pa nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu, chipembere ndi ngaka, chilango chikhoza kufika zaka 30 kundende. Kungopezeka ndi chida mkati mwa paki popanda chilolezo ndi mlandu kale, ngakhale usanawombere kanthu. Khoti silidzafunsa ngati kwanu kunali njala. Wopeza chakudya pabanja akalowa m'ndende, amene amagona ndi njala ndi ana omwe ankafuna kuwadyetsawo.

Chomwe chimandiopsa kwambiri ndi ichi. Anthu amaiderera .22 poti ndi yaing'ono, koma chipolopolo chake chikaphonya chikhoza kuuluka mtunda wopitirira kilomita imodzi ndi theka. Chimanjanja pamwala, chimanjanjanso pamadzi. Imani paliponse kuno ku Uraha n'kuyang'ana mbali zonse: mu kilomita imodzi ndi theka muli chiyani? Muli msewu wa M1, muli minda ya chinangwa, muli amayi otola nkhuni, muli ana oweta ng'ombe. Munthu wowombera njiwa pamtengo waloza mpope m'mwamba, ndipo komwe chipolopolocho chikagwere sakudziwa. Gogodela ndiye woipa koposa, chifukwa mpope wosulidwa pamudzi umatha kuphulikira mwini wake m'manja ndi kumaso. Ngakhale yampweya, ya timitovu ta mamilimita 4.5 kapena 5.5, imaboola diso la mwana mosavuta.

Ndipo mfuti ikalowa m'nyumba sigwira ntchito imodzi yokha. Lero ndi ya akalulu, mawa pabuka mkangano wa malire a munda, kapena munthu wabwera ataledzera. Ife a ku Karonga mbiri yathu imatiuza kale za zimenezi. Pakati pa 1887 ndi 1895, mfuti za Mlozi ndi anzake ogula akapolo zinabalalitsa midzi ya Angonde, mpaka Mlozi anapachikidwa mu Disembala 1895. Mfuti zitachuluka kuno, minda inasiyidwa, anthu n'kumathawa.

Pali mnzanga wina amene amanditsutsa, ndipo mfundo yake ndi yolemera. Amati: "Iwe ukulankhula bwino, koma anyani ndi nguluwe zikandithera chimanga, ndizingoyang'ana?" Zoona, mlimi wa m'mphepete mwa phiri amalira chaka ndi chaka. Koma .22 si mfuti ya nguluwe. Imangoivulaza, ndipo nguluwe yovulala ndi yoopsa kuposa yamoyo bwino. Nyama zovutitsa monga mvuu ndi ng'ona ndi ntchito ya alenje a boma, ndipo pamenepa ndi pomwe tiyenera kukweza mawu kudzera kwa mafumu, makhansala ndi aphungu kuti alenjewo azibwera msanga tikawaitana. Amene ali ndi chilolezo chake cha mfuti, ndi ufulu wake, koma aziisunga potseka, zipolopolo kwina, ndipo asamawombere asanaone chomwe chili kuseri kwa nyamayo.

Tikambe za ndalama. Mfuti ndi zipolopolo sizipangidwa kuno, zimagulidwa kunja ndi madola omwe akusowa ngakhale pogula mafuta ndi feteleza. Kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Munthu amene angakwanitse kugula mfuti, kulipira chilolezo ndi kumagula zipolopolo, angakwanitsenso matumba angapo a chimanga pa nthawi yokolola. Amene njala imamugwiradi, mfutiyo sangaifikire. Ndiye mfuti yopulumukira njalayi ndi ya ndani?

Ngati nkhani ndi ya akalulu, aweteni. Kalulu wamkazi amatenga bere mwezi umodzi wokha, amaswa ana angapo nthawi imodzi, ndipo amatha kuswa kangapo pachaka. Chakudya chake ndi udzu, masamba a mbatata ndi madeya. Khola lake ndi la nsungwi ndi timitengo, longokwezeka kuti agalu asafike. Nkhunda zimadzisakira zokha chakudya. Nkhanga zimawetedwa, ndipo mazira ake nkhuku imafungatira bwinobwino. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kalulu wa m'khola simumuthamangitsa, ndipo mwana akadwala mumamugulitsa n'kupeza ya thiransipoti yopitira kuchipatala. Pambali pa khola, dzalani chinangwa. Chimapirira ng'amba ndipo chimadikira m'nthaka mpaka mutachifuna. Kondowole wasunga midzi ya m'mbali mwa nyanja ino m'zaka zomwe chimanga chinakana.

Dzina la mudzi wathu limadziwika kutali chifukwa cha nsagwada. Mu 1991, gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza kuno nsagwada ya munthu wakalekale wotchedwa Homo rudolfensis, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Anaipatsa nambala UR 501, ndipo UR ameneyo ndi Uraha. Nkhani yake mukaipeza ku nyumba yosungira zakale pa boma la Karonga. Mano ake ndi akuluakulu, otafunira zomera zolimba. Munthu ameneyu anakhala pa nthaka yomweyi chitsulo kulibe, ndipo chomwe chinkamusunga chinali kudziwa chodyedwa, komwe chimamera ndi nyengo yake. Nzeru yotereyi agogo athu akadali nayo: bowa wodyedwa ndi wakupha, zipatso zakutchire, kavuulidwe ka chinangwa chowawa, kaumitsidwe ka mfutso. Ikutha chifukwa ife sitifunsa.

Pempho langa kwa achinyamata anzanga ndi ili. Mavidiyo a alenje aja onerani ngati filimu, palibe vuto. Koma pa bandulo yomweyo fufuzani kamangidwe ka khola la akalulu, ndipo madzulo ano mukhale pansi ndi agogo, muwafunse zomwe ankadya chaka chomwe mvula inakana. Muwajambule pa foni pomwe akadalipo.