Moto uli pansi pa mapazi athu

Kwathu ku Chiwamba, ana ambiri amawerengera mayeso pa tochi ya foni. Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tidzawapeza ana amenewa m'makalasi mwathu, choncho nkhani ya magetsi ndi yathunso.

Magetsi ambiri a dziko lino amachokera mumtsinje umodzi, Shire. Madzi akachepa, mdima. Akachuluka, mdimanso: mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira, ndipo mamegawati pafupifupi 130 adasowa kupitirira chaka.

Komatu ku Chiweta m'boma la Rumphi ndi ku Mawira ku Nkhotakota, madzi otentha amatumphuka okha. Pamalo otere, akatswiri akakumba zitsime zakuya, nthunzi imazunguza makina opangira magetsi usana ndi usiku, chilimwe ndi dzinja. Anzathu a ku Kenya adayamba zimenezi ku Olkaria mu 1981.

Ena akuti kukumba n'kodula, ndipo chitsime china chimatuluka chopanda nthunzi. N'zoona, walira mvula walira matope. Koma mdimawu tikuulipira kale ndi maso a ana athu. Tipemphe aphungu athu aike ndalama zokumbira zitsime zoyesera ku Chiweta.