Kuyenda Awiri Si Mantha

Ku Lubuto, komboni yaikulu ya mu mzinda wa Ndola, njinga si cinthu cacilendo. M'mamawa amuna amalowa m'komboni atamanga matumba a makala pa njinga zao, ndipo ana ambiri amaphunzira kupalasa akali ang'ono. Koma anyamata ndi atsikana akapangana za ulendo wautali, monga wocokera ku Ndola kukafika ku Kitwe, sipalephera kupezeka mmodzi wonena kuti, "Ine sindingathe, ndidzangokucedwetsani cabe." Mwana wotereyu miyendo yake iri yolimba ndipo njinga yake iri bwino. Cimene camfooketsa ciri mumtima mwake. Kudzikayikira kotere kumamana ana zabwino zambiri, cotero nkoyenera kulimbana nako.

Kucokera ku Ndola kufika ku Kitwe pali makilomita ngati 60. Munthu wopalasa mosathamanga, makilomita 15 pa ola limodzi, angafike patapita maola anai, kupatula nthawi yopuma. Wodzikayikira amaona mtunda wonsewo nthawi imodzi, ndipo amatopa asanakwere njinga. Wanzeru amaugawa m'zigawo. Poyamba amangoganiza zofika pa bwalo la mpira la Levy Mwanawasa, limene linatsegulidwa m'caka ca 2012. Atapitirira pamenepo amayembekeza njira yopatukira ku malo amene inagwa ndege ya Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa United Nations, m'caka ca 1961. Pambuyo pake pali mphambano ya ku Luanshya, ndipo potsiriza mlatho wa pa mtsinje wa Kafue, pamene Kitwe ali pafupi. Palibe cigawo cimodzi mwa izi cimene cingagonjetse mwana wozolowera njinga. Akulu anati pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Cina cimene wamantha sacidziwa ndi cakuti kuyenda m'gulu kumapeputsa nchito. Pa mseu wosalala mdani wamkulu wa wopalasa ndi mphepo imene imamkankha pacifuwa. Wotsogola ndiye amaing'amba mphepoyo, ndipo wotsatira pambuyo pake amapalasa ndi mphamvu zocepa koma liwiro liri lomwelo. Cifukwa cake opalasa odziwa amasinthana: wotsogola akatopa amabwerera kumbuyo, wina natenga malo ake. Motero wofooka sakhala katundu wa anzake monga iye aganizira. Lero atetezedwa ndi msana wa mnzake, mawa iye ndiye adzabwereka mnzakeyo pampu tayala likaphwa.

Alipo makolo amene amati, "Mwana wamantha msiyeni akhale pakhomo, mseu uja ngwoopsa." Mau awa ali ndi zoona zake, pakuti mu mseu wa ku Kitwe mumayenda magalimoto akuluakulu onyamula mkuwa ndi katundu wina. Koma mantha ali mitundu iwiri. Kuopa ngozi ndi mantha abwino, cifukwa kumacititsa munthu kukonzekera. Gulu la ana lisanyamuke popanda munthu wamkulu wolitsogolera. Onse ayende kumanzere, m'mphepete mwa mseu, mu mzere umodzi. Aone mabuleki ndi matayala dzulo lake, atenge madzi ndi kamba, ndipo anyamuke dzuwa lisanakwere, makamaka m'mwezi wotentha wa October. Mantha enawo, onena kuti "ine ndine wacabe," sateteza munthu ku kanthu kali konse. Amangomsiya pakhonde anzake alikupita.

Mankhwala a mantha aciwiriwa ndi kuyesa. Mwana apalase makilomita 10 sabata yoyamba, 20 sabata yotsatira, kenaka 30. Tsiku la ulendo likafika, mtima ukayamba kumnamiza, iye ali nao umboni woutsutsa, pakuti theka la mtundawo analiyenda kale ndi miyendo yomweyo. Kulimba mtima kopanda kukonzekera ndi matama cabe, koma kocokera m'kuyesa sikugwedezeka msanga.

M'caka ca 2003 gulu la anthu a m'maiko osiyanasiyana linanyamuka pa njinga ku Cairo, m'dziko la Egypt, ndi kukafika ku Cape Town patapita miyezi ngati inai, litayenda makilomita oposa 10,000. Ulendo umenewu, wochedwa Tour d'Afrique, wacitika kambiri cicokere caka cimeneco, ndipo opalasa ake adutsa m'Malawi ndi kulowa m'Zambia ca ku Chipata, kupyola ku Lusaka mpaka ku Livingstone. Ambiri a iwo sanali akatswiri a mpikisano. Anali anthu wamba amene m'mawa uli wonse anali kuganiza za mtunda wa tsiku limenelo lokha, ndi kudalira anzao.

Anzake a mwana wodzikayikira ali nao udindo waukulu. Kumseka pamene watsika njinga pacikweza ndi kuikankha ndiko kuthirira mantha ake. Gulu labwino limayenda monga mwa mphamvu za womalizira, ndipo limamdikira pamwamba pa cikweza ciri conse. Ulendo wa gulu sutha pamene woyamba wafika; umatha pamene onse afika.

Mwana wa ku Lubuto amene waoloka mlatho wa Kafue pa njinga, miyendo iri kuwawa, amabwerera kwao ali ndi cuma cimene sicigulidwa pamsika. Wadziwa tsopano kuti mau aja a mumtima akuti "sungathe" angakhale abodza. Tsiku la mayeso omaliza a sukulu, mau omwewo akadzabweranso, iye adzawazindikira, ndipo adzatenga colembera cake ndi kuyamba ndi funso loyamba.