CHENJEZO KWA OSUNGA AKAVALO NDI ABULU: SAMALANI ZIBODA M'CHILIMWE CHINO

Inu nonse osunga akavalo ndi abulu, makamaka eni ngolo a ku Dedza, Lilongwe ndi Mchinji, tcherani khutu. Kuyambira Seputembala mpaka kugwa kwa mvula yoyamba nthaka imauma gwa, pomwe nyama zathu zambiri zimayenda zosavala nsapato zachitsulo. Chiboda chimakula mamilimita 6 mpaka 10 okha pa mwezi. Msewu wa miyala kapena wa phula ukamachidya mofulumira kuposa pamenepo, kunsi kwa phazi kumatsala kopyapyala, ndipo kamwala kalikonse kamalasa mnofu wam'kati.

Nyama ikayamba kuponda mosamala ngati ikuyenda paminga, kutsimphina, kapena kukokera ngolo m'mphepete mwa msewu momwe muli fumbi lofewa, musaikwapule. Si ulesi ayi, ikumva kuwawa. Bulu ndiye ovuta kwambiri chifukwa amabisa ululu. Mukamuona akutsimphina, dziwani kuti wapirira kale masiku ambiri.

Imasuleni pangolo tsiku lomwelo. Nyamulani mwendo uliwonse, chotsani timiyala ndi ndowe zouma zomwe zakanirira kunsi, kenako gwirani chiboda ndi dzanja. Chikakhala chotentha kuposa zinzake, ndipo mtsempha wa pamwamba pake chakumbuyo ukugunda mwamphamvu, m'kati mwatupa kapena mwachita mafinya. Iikeni m'khola lothira mchenga kapena utuchi, ipume. Ntchito ikayambiranso, izikhala ya m'mamawa ndi madzulo, katundu wochepa, osathamangitsa.

Pali zizolowezi ziwiri zomwe ndikupempha kuti zithe. China ndi kusenga kunsi kwa chiboda ndi mpeni kapena chikwanje poganiza kuti tikuchikonza, pomwe tikuchotsa chishango chake. Chiboda chimadulidwa m'mbali mokha, masabata 6 mpaka 8 aliwonse, ndi munthu amene anaphunzira ntchitoyo. Chinacho ndi kupaka oyilo wakutha wa galimoto m'ming'alu. Amangotsekera litsiro m'kati.

Thamangirani kwa mlangizi wa ziweto kapena dokotala wa ziweto mukaona kuti nyama yakana kuponda mwendo umodzi, kapena yaima itatambasulira miyendo yakutsogolo patsogolo n'kutsamira kumbuyo. Kaimidwe kameneko ndi chizindikiro cha laminitis, kutupa kwa mnofu womwe umalumikiza chiboda ndi fupa, ndipo nthawi zambiri kumadza nyama ikadya chimanga kapena gaga wochuluka nthawi imodzi. Podikira thandizo, imitsani mapazi ake m'madzi ozizira ndipo musaipatsenso chimanga. Ikalasidwa ndi msomali, musachedwe ngakhale bala likuoneka laling'ono, pakuti kafumbata amapha akavalo ndi abulu mosavuta.

Chiboda chikaonongeka chimatenga miyezi 9 mpaka 12 kuti chatsopano chitsike mpaka pansi, ndipo nthawi yonseyo ngolo ikhoza kukhala itangoima pakhomo. Chonde, yang'anani mapazi a nyama yanu lero musanaimange.