Chenjezo: Yezetsani Radon M'nyumba Zimene Mukugona ku Sweden ndi ku Norway

Abale amene muli ku Sweden ndi ku Norway, kaya pa sukulu kaya pa ntchito, musadikire kuti chifuwa chikuuzeni. Funsani eni nyumba lero lomwe ngati nyumbayo inayezedwapo mpweya wa radon, ndipo akuonetseni pepala la zotsatira zake.

Choopsacho chili pansi pa mapazi anu. Ku Oslo ndi m'mbali mwa nyanja ya Mjøsa, komanso ku Västergötland, Närke, Öland ndi Jämtland, kuli mwala wakuda bii, wosendeka timapale timapale, wotchedwa alum shale. Zaka pafupifupi 500 miliyoni zapitazo unali matope a pansi pa nyanja yamchere. Pansipo panalibe mpweya wokwanira kuwoletsa tizamoyo takufa, choncho tinangounjikana, n'kumakoka yureniyamu wa m'madzi ndi kumusunga. N'chifukwa chake mwala wa laimu umene wagona pomwepo sutulutsa cheza chambiri, pamene wakudawu uli ndi yureniyamu wochuluka, mpaka ku Ranstad, ku Sweden, anamukumba m'mwalawu kuyambira 1965 kufika 1969.

Yureniyamu akamasweka amasanduka rediyamu, ndipo rediyamuyo amatulutsa radon. Mpweyawu suoneka, sununkha, sutsokomoletsa. Umakwera kudzera m'ming'alu ya simenti ndi m'mipata yozungulira mapaipi, n'kudzadza zipinda za pansi pa nthaka, zomwe mlendo amathamangira poti lendi yake ndi yotsika. M'nyengo yachisanu, mawindo onse atatsekedwa, m'pamene umachuluka. Bungwe la WHO limati pa zinthu zoyambitsa khansa ya m'mapapo, radon amatsatira fodya. Ku Sweden kokha anthu pafupifupi 500 pa chaka amadwala khansayi chifukwa cha radon, ambiri mwa iwo ndi osuta. Ngati mumasuta, ngozi yanu ndi yaikulu kuposa ya anzanu.

Amene mumagona m'mwamba musadzione ngati mwapulumuka. Kuyambira 1929 mpaka 1975, ku Sweden ankaumba zidina zopepuka zotchedwa blåbetong ndi mwala womwewu, ndipo nyumba zambirimbiri za nthawi imeneyo zidakalipo. M'menemo khoma lenilenilo, lomwe mwatsamiritsa bedi la mwana, ndilo limatulutsa radon.

Kuyeza sikovuta. Mumaitanitsa timabokosi tokwana m'chikhatho, kena n'kuika kuchipinda chogona, kena pabalaza, n'kutisiya kwa miyezi iwiri kapena kupitirira m'nyengo yachisanu, kenako n'kutitumiza ku labotale. M'maiko onse awiriwa mpweya wa radon m'nyumba suyenera kupyola 200 Bq (muyeso wa cheza) pa kiyubiki mita, ndipo ku Norway amayamba kukonza nyumba ukangopyola 100. Amamata ming'alu, kukonza njira zolowetsera mphepo, kapena kuika makina opopa mpweya wa pansi pa nyumba. Eni nyumba akamazengereza, pitani ku ofesi ya zachilengedwe ya khonsolo yanu.

Inu ogwira ntchito zomangamanga, mukakumba n'kupeza mwala wakudawu, musauthire pansi pa nyumba kapena pabwalo. Ukakumana ndi mvula ndi mphepo umafufuma mpaka kutukula simenti, ndipo umatulutsa madzi a asidi onyamula zitsulo zapoizoni kupita nazo kumitsinje. Imitsani ntchitoyo, muuze kapitawo, mwalawo uyezedwe usanachotsedwe pamalopo.